Mutu wa mayi amene wangobeleka si wa Panado cabe

M'komboni mwana akabadwa, maso onse amapita pa mwana. Alendo abwela na sopo na matewela, amunyamula, ati wafanana na atate ake. Mayi akati "mutu uniwawa," yankho ni imodzi: ni tulo cabe, imwani Panado mugoneko. Kambili ni zoona, kusagona kumalemetsa mutu. Koma ine yankho imeneyi niikana, cifukwa mitu ina imapha.

BP ya mimba siithela mu labour ward. Imatha kukwela mayi atabwelela kale kunyumba, maka-maka sabata yoyamba, ndipo ngozi ikhalapo mpaka masabata 6. Ikafika pa 160/110 mayi angayambe kukunyuka, olo mtsempha ungaphulike mu ubongo.

Cina cimene ambili sitidziwa: pa nthawi yobeleka magazi amagwilana msanga kuti mayi asataye ambili. Magazi omwewo angaundane mu mitsempha yotulutsa magazi mu ubongo. Mutu wake kambili umayamba pang'ono-pang'ono, tsiku na tsiku ukuonjezeka, Panado osagwila. Amene anabeleka na opaleshoni, analasiwa nyeleti ya pamsana, ali na mutu waonso: akakhala tsonga uwawa, akagona cagada uleka. Umenewo umacilitsika, koma ukabwela na kutentha thupi na kuuma khosi, ingakhale meningitis.

Manje apongozi, alangizi, na imwe azibambo, mvelani. Mutu ukabwela mwadzidzidzi monga wamenyewa na nyundo, maso akuona mbuu, akusanza, dzanja olo mwendo walefuka mbali imodzi, kamwa yapotoka, akukamba zosokonezeka, musayembekezele tsiku la review. Musathamangile kuti amulodza cifukwa ca nsanje ya mwana. Pemphelo siniletsa, koma mupemphele muli kale mu taxi.

Ku Kanyama, Chawama, Matero, Chipata na Chilenje kuli zipatala, ndipo nkhani ikakula amatumiza ku UTH kumene angaunike mu ubongo na CT scan. Kupima BP sikutenga na mphindi zisanu, mankhwala oletsa kukunyuka, magnesium sulphate, anamwino awadziwa bwino.

Nyamulani khadi ya antenatal. Pofika, musakambe cabe kuti "mutu uwawa" n'kukhala pa laini. Yambani na kunena tsiku limene anabeleka, na kuti anabeleka bwanji.