Zinki wa Chimanga, Zinki wa Mwana

Pa mafamu akuluakulu a ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, mlimi ankadziwa msanga chimanga chake chikasowa zinki. Masamba ankaoneka ndi mizere yoyererako, mbewu nkupinimbira, makamaka m'dothi lamchenga, ndipo iye ankathira feteleza wokhala ndi mcherewu. Koma kukomboni, kumene kunkakhala antchito ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, mwana wopinimbira ankangotchedwa wamfupi. Akayamba kubanika ndi chibayo, anthu ankaloza chisanu cha mu June ndi utsi wa m'nyumba.

Chisanu ndi utsi zili ndi mlandu ndithu, koma chakudyanso chili nawo. Zinki amalimbitsa chitetezo cha thupi ndi kuteteza njira za mpweya. Ananda Prasad anasonyeza m'zaka za m'ma 1960, ku Iran ndi ku Egypt, kuti munthunso amavutika akasowa mcherewu. Mu 1999 akatswiri ataphatikiza kafukufuku wa m'maiko angapo anapeza kuti ana opatsidwa zinki ankadwala chibayo mocheperapo. Kafukufuku wa pambuyo pake anatsitsako mlingo wa phinduli, ndipo zinki sanaoneke kuti amachiza chibayo chikakula. Mwana wobanika ndi wa kuchipatala basi. Ntchito ya zinki nkuteteza.

Vuto lagona m'mbale. Chimanga chili ndi zinki pang'ono, koma chilinso ndi phytate amene amammanga kuti asalowe m'thupi. Phala lamadzimadzi la mgaiwa, lopanda kapenta, dzira kapena nyama, limakhutitsa mwana koma nkumusiya wosowa. Ku Malawi, Christine Hotz ndi Rosalind Gibson anasonyeza kuti kuviika ufa m'madzi nkutaya madziwo kumachotsa pafupifupi theka la phytate. Imeneyi ndi ntchito ya ndowa ndi madzi, yosalira ndalama.

Kulandidwa kwa mafamu kumene kunayamba mu 2000 kunabalalitsa mabanja ambiri, ena nkutsala m'makomboni momwemo opanda malipiro odalirika. Mu 2017 boma la Zimbabwe linalamula kuti ufa wa m'mafakitale uziwonjezeredwa michere, koma banja logayitsa chimanga chake kuchigayo cha pafupi silifikidwa ndi lamuloli.

Motero nkhaniyi yabwerera kwa akatswiri a zaulimi. Kafukufuku wa mu 2021 anasonyeza kuti zinki wa m'chimanga cha ku Malawi amasiyana malinga ndi dera ndi dothi lake. Nkosakwanira tsopano kuti poyesa mbewu kapena feteleza azingowerenga matumba pa hekitala. Ayenera kupimanso zinki wa m'njere, ndipo zotsatira zake azizipereka kwa a zaumoyo a ku Bindura, Chinhoyi ndi Marondera.