Katemera wa HPV si kutaya ndalama

Akonzi,

Ndikuyankha bambo amene analemba kuti ndalama za katemera wa HPV zikanangopita ku feteleza, ati poti khansa ya khomo la chiberekero ndi matenda a agogo.

Agogo ake ati, bambo? Mlamu wanga tinamuika m'manda asanakwanitse zaka 40. Ankagulitsa tomato ndi usipa pamsika, ndipo fizi ya ana inkachokera pa benchi pomwepo. Atayamba kutaya magazi tinagulitsa mbuzi, kenako njinga, kuti tizipeza thiransipoti ya kuchipatala. Mwana wake woyamba anasiya sukulu kuti azilera azing'ono ake. Munda wasanduka tsala. Feteleza wanuyo akathira ndani?

Chaka chilichonse amayi pafupifupi 3,000 amamwalira ndi khansa imeneyi m'Malawi muno. Werengani minda, mabizinesi ndi ana amasiye a amayi onsewo, mutiuze chokwera mtengo n'chiti.

Zoti katemerayu amachititsa atsikana kukhala osabereka, zimene munanenanso, ndi bodza. Boma linayamba kubaya katemerayu atsikana a zaka 9 mu 2019, kwaulere.

Makolo anzanga, ana athu aakazi akabayitse. Amayi, pitani mukayezetse khomo la chiberekero musanayambe kumva ululu.

Wokhudzidwa,
Mchinji