NZERU ZA MAKINA: Kompyuta Yatsopano Ikayamba Kuzima Zithunzi

Kucokera mu 2014, pamene phunziro la makompyuta linalowa m'masukulu a sekondale, makolo ambiri akagulitsa nshawa, fodya kapena thonje amapatulako ndalama zogulira mwana kompyuta. Anyamata ena ocenjera sagula yathunthu ai. Amagula ziwalo cimodzi-cimodzi ku Chipata kapena ku Lusaka, nalumikiza okha, naikamo mapulogramu awiri oyendetsa makina, Windows ndi Linux, kuti poyatsa azisankhapo imodzi. Tsiku lina galasi lingoti bii, kapena zithunzi ziuma osayenda. Pamenepo m'nyumba mumabuka mkangano: atate ati ndalama zalowa m'madzi, mwana ati wa sitolo anamgulitsa khadi la zithunzi lakufa.

Awerengi athu, musafulumire kuweruza wa sitolo, pakuti m'kompyuta yotere muli mboni ziwiri. Gwiritsani nchito Windows tsiku lathunthu, m'mawa mwace Linux, mukucita nchito imodzimodzi, monga kuonera kanema. Bvuto likaoneka mbali imodzi yokha, kawirikawiri khadi lilibe mlandu. Wolakwa ndi driver, kapulogramu kamene kamamasulira mau pakati pa khadi ndi pulogramu yoyendetsa makina.

Ku Linux, makhadi a NVIDIA ndiwo amabvuta kwambiri, cifukwa driver yoyamba nayo, yochedwa nouveau, siyendetsa bwino makhadi ena atsopano. Poyatsa, mndandanda wosankhira ukaoneka, dinani cilembo e, lembani liu lakuti nomodeset kumapeto kwa mzere woyamba ndi liu lakuti linux, ndipo dinani F10. Zithunzi zidzaoneka zosakongola, koma mudzatha kulowa ndi kuika driver ya NVIDIA yeniyeni. Ikakana kugwira nchito, mwina aikaniza ndi mlonda wa m'makina wochedwa Secure Boot, amene salola driver yopanda cidindo.

Windows ili ndi khalidwe lace. Khadi likakhala cete masekondi 2, imadzutsanso driver, ndiye galasi limaphethira ndi kubwerera. Cotsani driver yakale, muike yatsopano yocokera kwa opanga khadilo. Muzimitsenso Fast Startup, imene inabwera ndi Windows 8 mu 2012. Ikakhala yoyatsa, Windows sizima kwenikweni, imangogona tulo ta kalulu, ndipo Linux polowa imatha kupeza ziwalo zina zisanamasulidwe.

Koma mboni zonse ziwiri zikanena cimodzi, siyani mapulogramu, muyang'ane zitsulo. Yambani mwazula nthambo ya magetsi. Onani ngati nthambo ya galasi yalowa pa khadi lenilenilo, osati pa kabowo ka bolodi lalikulu, ndiponso ngati khadi lakhazikika mpaka kaloko kace katseka.

Tsono nkhani yaikulu ndi magetsi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaumira ndalama molakwa. Mpata umene khadi limakhalamo umapereka mawati 75 okha. Khadi lalikulu limafuna nthambo yaceyace: ya mano 6 imaonjeza mawati 75, ya mano 8 imaonjeza 150. Mnyamata amagula khadi lodula, koma bokosi logawa magetsi m'kati mwa kompyuta agula lochipa, lopanda dzina. Kuli ngati kumanga ngolo yodzaza cimanga pa kamwana ka ng'ombe. Polemba kalata zonse zimayenda bwino, koma nchito ikalemera makina amazima mwadzidzidzi kapena kuyambanso okha. Kumidzi, kumene timadalira sola, invata yaing'ono kapena batire lotha mphamvu zimacita cimodzimodzi. Ngakhale a m'matauni anaziona mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzimazima. Nyamulani kompyutayo mukaiyese pa magetsi okhazikika, kusukulu kapena kwa mnansi, musanagule kanthu kena kalikonse.

Kutentha nako kumapha zithunzi, makamaka mu Okutobala m'nyumba ya malata. Fumbi likatseka timafani ta khadi, lipukuseni ndi kaburashi kouma. Amai amakonda kufunditsa katundu watsopano nsalu yokongola. Pa wailesi zili bwino, koma kompyuta yoyaka imafuna mpweya. Timitengo ta RAM tikhozanso kunamizira khadi. Tiyeseni usiku wonse ndi pulogramu yaulere ya Memtest86+.

Pa zonsezi sinthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, ndipo lembani m'kabuku tsiku, cimene mwasintha ndi cimene caoneka. Wosintha zitatu pamodzi sadziwa camciritsa. Potsiriza bwerekani kompyuta ya mnzanu, muikemo khadi lanulo. Likazimanso kumeneko, tengani khadi, risiti ndi kabuku kaja, mubwerere kwa wa sitolo masiku a citsimikizo cace asanathe.