Phindu lowerengera pa ndalama zowonongedwa silimanga fakitale

Zigoba zambiri za zipolopolo za mizinga za mamilimita 155, zomwe asilikali a Ukraine akhala akuwombera, zimasulidwa pa fakitale ya ku Scranton, m'chigawo cha Pennsylvania ku America. Chinyumbacho chinamangidwa zaka zoposa 100 zapitazo kuti azikonzeramo sitima zapamtunda. Mwini wake ndi boma, kampani ya General Dynamics imangoyendetsa ntchito. Pamene Russia inkalowa mu Ukraine mu 2022, America yense ankapanga zipolopolo zoterezi pafupifupi 14,000 zokha pa mwezi.

Gwero la vuto la kuchepa kwa zipolopoloku ndi kawerengedwe ka phindu. Pomwe palibe makampani opikisana, Pentagon (unduna wa zachitetezo wa America) imayamba yaona ndalama zimene kampani iwononge popanga chida, kenako n'kuwonjezerapo gawo lina ngati phindu. Tsono kampani ikagula makina amakono n'kutsitsa mtengo, pa kontirakiti yotsatira boma limawerengera pa mtengo wotsikawo, phindu nalo n'kutsika. Ndani angatenge ngongole kubanki kuti adzichepetsere yekha phindu?

Akuluakulu a boma anazindikira zimenezi kalekale. Mu 1976, atachita kafukufuku wotchedwa Profit '76, anasintha malamulo kuti chuma chimene kampani yaika pa fakitale chiziwerengedwa popereka phindu. Lero makina amapatsidwa kawirikawiri 17.5 peresenti ya mtengo wake, koma malo ndi nyumba sizipatsidwa kanthu. Ganizolo n'labwino ndithu, kungoti nyambo yake n'njochepa. Lipoti la 2023 la Pentagon yomweyo linapeza kuti pakati pa 2010 ndi 2019 makampani opanga zida zankhondo anapindula kwambiri kuposa m'zaka khumi zam'mbuyo, koma ndalama zochuluka zinapita kwa eni masheya, osati ku makina. Ndipo opikisana nawo ali kuti? Makampani akuluakulu anali 51 m'ma 1990, pano atsala 5.

Eni makampani nawo ali ndi mfundo yomveka. Nyumba ya malamulo imagawa ndalama chaka ndi chaka, pamene ng'anjo yosungunulira zitsulo imabweza ndalama zake pakapita zaka zambiri. Nkhondo ikatha, maoda n'kuduka, makinawo amasanduka katundu wongodya dzimbiri.

N'chifukwa chake chilolezo chogula zida zina pa makontirakiti a zaka zingapo, chimene aphungu anapereka kumapeto kwa 2022, chili ndi nzeru kuposa kumangokweza maperesenti. Koma chinabwera mochedwa. Fakitale yatsopano ya zigoba za zipolopolo ku Mesquite, Texas, yomwe inatsegulidwa mu 2024, makina ake analipira ndi okhoma msonkho.