Kujambulitsa paphiri nkwabwino, koma phiri lili ndi eni ake

Anthu akakolola chimanga ndi kugulitsa mbatata ya kachewere, maukwati amachuluka mu Angónia, ndipo ojambula zithunzi a ku Ulónguè, Dómue ndi Calómue sakhala pansi. Kale wofuna chithunzi ankalowa m'kachipinda, naima kutsogolo kwa nsalu yolembedwa nyumba zosanja za m'mizinda imene iye sadaiponde. Masiku ano achinyamata ambiri akufuna kujambulidwa panja: pathanthwe, m'mbali mwa mtsinje, kapena patsinde pa phiri la Dómue. Maganizo amenewa ngabwino. Koma kukajambula kuphiri ndi ulendo, ndipo ulendo wopanda dongosolo umabala milandu ndi misozi.

Chithunzi si chinthu chamasewera m'boma lino. Pa nthawi ya nkhondo, anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo a ku Angónia ambiri adakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu nabwerera, koma zithunzi za makolo zidali zitapsera m'nyumba kapena kutayika m'njira. Alipo akuluakulu lero amene sangathe kuonetsa mwana nkhope ya agogo ake. Tsono banja likasonkha ndalama kuti lijambulitse, likusungira adzukulu mbiri. Ndipo nkoyenera kuti kumbuyo kwa nkhope zawo kuoneke dziko lawo lenileni. Phiri la Dómue, lotalika kupitirira mamita 2,000, ndi pamene Angoni a Maseko adakhazikika m'zaka za m'ma 1800. Palibe nsalu yopakidwa utoto imene ingapose pamenepo.

Mmene malo otere amasamalidwira, chitsanzo chili pafupi. Ku Cape Maclear, m'dziko la Malawi, kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. M'kati mwake muli zilumba za miyala monga Thumbi, Mumbo ndi china chotchedwa Domwe, mnzake wa dzina wa phiri la kuno. Wofuna kukajambula kumeneko sangodzuka ndi kupita. Amalipira polowa, amapangana ndi mwini bwato, amayang'ana ngati mphepo ya mwera yautsa nyanja, ndipo amadziwiratu nthawi yobwerera. Kuphiri la kuno kulibe chipata kapena mlonda wa yunifolomu. Koma kusowa kwa chipata sikutanthauza kuti malowo alibe mwini.

Choyamba, tsono, ndi kupempha. Phiri lililonse lili m'dera la mfumu. M'mphepete mwake muli manda, muli nkhalango zimene makolo ankaperekeramo nsembe, muli dambwe. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma ulemu umenewo sudatsegule dambwe kwa aliyense wonyamula kamera. Wojambula wochokera ku vila sadziwa kuti kamsitu kokongola kaja ndi manda. Akaimika mkwatibwi pamenepo, mlandu wake ukhoza kudya mbuzi ndi phindu lonse la tsikulo. Safunsa adadya phula. Kupita kwa amfumu kusanafike tsiku, kuwomba m'manja, ndi kunena kuti, "Zikomo amfumu, ana anu akufuna kujambulitsa pathanthwe lakumtunda, mutiloze poyenda," sikutenga ola lathunthu.

Ena adzati phiri adalenga ndi Mulungu, ndipo kupempha kudzangophunzitsa mafumu kulipiritsa anthu osauka. Nkhawa imeneyi njomveka. Mfumu yosandutsa thanthwe kukhala msika ikulakwa, ndipo akuluakulu a boma ayenera kuidzudzula. Koma wopempha amapindula kuposa zimene wapereka. Amapatsidwa mnyamata wodziwa njira, wodziwa pamene pali phompho, pamene pali njuchi, ndi munda umene mwini wake safuna kuti upondedwe. Mu 2015 Mozambique idalengeza kuti yatsiriza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika. Ngakhale zili choncho, chitsulo chachilendo chopezeka m'thengo sichigwiridwa, ndipo munthu wa m'mudzimo ndiye adziwa kumene kudali misasa ya asilikali.

Chachiwiri ndi nyengo. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula imagwa, ndere zimamera pamiyala ndipo thanthwe limaterera ngati sopo. Mphezi imakonda malo okwera, ndiye gulu la anthu loima pamsonga, ena atanyamula maambulera, likudziika pangozi. Bingu likamveka, ntchito ithe pomwepo, anthu atsike. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imatha kuphimba phiri mmawa wonse, ndipo mkwatibwi wovala diresi lopepuka amanjenjemera mpaka milomo kuuma. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umadetsa mlengalenga, mapiri akutali osaoneka. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, pamene mvula yaleka koma dziko likadali lobiriwira. Amene ukwati wawo ugwa m'miyezi ina apangane masiku awiri ndi wojambula, kuti loyamba likakanika lachiwiri ligwire.

Chachitatu ndi ola. Anthu ambiri amaganiza kuti dzuwa likakhala paliwombo ndiye chithunzi chiwala. Zoona zake nzosiyana. Dzuwa la masana limagwetsa mthunzi m'maso, anthu amatsinzina, ndipo pakati pa diresi loyera ndi thambo lowala nkhope imada mpaka munthu osazindikirika. Kuwala kofewa kumapezeka isanakwane 8 koloko mmawa, kapena itadutsa 4 koloko madzulo, dzuwa likamamenya cha m'mbali. Ngati palibe kuchitira mwina, anthu aime mumthunzi wa mtengo kapena wa mwala waukulu, wina agwire chitenje choyera cha kutsogolo kwawo kuti kuwala kubwerere kunkhope. Wojambula wanzeru amakayendera malowo dzulo lake pa ola lomwelo. Amaonanso batire, pakuti kuzizira kumalimaliza msanga ndipo kuphiri kulibe magetsi. Osankha madzulo akumbukire kuti mdima sudikira: kutsika kumafuna nthawi yake.

Chachinayi ndi moyo wa anthu ojambulidwa. Nsapato za gogoda ndi suti zinyamulidwe m'chikwama, zikavalidwe pofika. Madzi akumwa asaiwalike. Agogo asakakamizidwe kukwera kumene miyendo yawo ikukana, popeza chithunzi cha banja lonse chimakoma patsinde, phiri likuoneka lonse kumbuyo. Ndipo wojambula asamauze munthu kuti abwerere m'mbuyo pang'ono iye maso ali pakamera. Chithunzi cha pamphepete pa phompho chimakopa anthu pa Facebook, koma palibe chithunzi chimene mtengo wake ungafanane ndi msana wothyoka, chipatala chili kutali ndi njira yosafika galimoto.

Alipo amene amaoloka malire kukajambulitsa ku Chongoni, pafupi ndi Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, otetezedwa ndi UNESCO kuyambira 2006. Iwo adzere pachipata cha Calómue ndi zikalata zawo. Akafika, asatsamire zojambulazo, asazithire madzi kuti ziwale, ndipo asalembepo maina awo. Zidakhalapo zaka mazanamazana. Makala a munthu mmodzi akhoza kuziononga tsiku limodzi.

Chotsiriza ndi pangano. Mtengo, chiwerengero cha zithunzi, tsiku lozilandira, ndi amene alipire chapa kapena njinga yamoto, zonsezi zikambidwe pali mboni ulendo usanayambe. Pakambidwenso za mwini chithunzi. Gawo 41 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ulemu, mbiri ndi chithunzi cha munthu. Wojambula asapachike nkhope ya mkazi wa mwini pakhomo la studiyo kapena kuimwaza pa WhatsApp popanda chilolezo, makamaka ikakhala ya mwana. Nalo banja liumirire kuti zithunzi zitatu kapena zinayi zitsukidwe papepala. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Anthu amene adataya kale zithunzi kamodzi sayenera kuzitayanso chifukwa cha ulesi.

Zonsezi sizifuna ndalama za boma. Zifuna kuti ojambula a m'boma lino akhale pansi ndi mafumu a m'mphepete mwa mapiri, agwirizane malo ololedwa ndi oletsedwa, ndiponso kangachepe koyenera kupatsa mnyamata wolondolera njira. Akuluakulu a ku Ulónguè oona za chikhalidwe ndi zokopa alendo angathe kuitanitsa msonkhano umenewu nyengo ya maukwati isanafike. Ndi bwino kukambirana tsopano, kusiyana ndi kudzakambirana pabwalo la milandu kapena pamaliro.