Nkhope ya Pakeke ndi ya Yani?

(Gawo Lachiwiri)

Gawo lapitalo lidafotokoza mmene mwambo wokumbukira tsiku lobadwa udalowera m'mabanja a m'dziko muno. Gawo lino likamba za keke imene yatenga malo pa maphwando a ana aakazi ku Balaka, Liwonde, Ntaja ndi Ulongwe, ndiyo keke yooneka ngati mwana wamkazi wa mfumu wa m'nthano za Azungu.

Munthu amene adaiona keke yotere sangakane kuti pagona luso. Wophika amaphika makeke awiri kapena atatu, nawasanjikiza, nawasema ndi mpeni kufikira ataoneka ngati chulu. Pakati amaboolapo dzenje momwe amalowetsamo chidole kulekeza m'chiuno, miyendo yake atayamba waikulunga ndi pulasitiki. Kenaka amasakaniza majarini ndi shuga wosalala ngati ufa woyera, nathiramo utoto wodyedwa, ndipo kirimu ameneyu amamupaka pa chulu chija kufikira chitasanduka diresi. Timaluwa ta pa diresiyo amatifinya kamodzikamodzi kuchokera m'kathumba ka nsonga, ndipo potsiriza amachiveka chidolecho chisoti chachifumu.

M'maboma a Machinga ndi Balaka, omwe adali boma limodzi kufikira 1998, ntchito imeneyi ili ndi zovuta zakezake. Kutentha kwa m'chigwa cha Shire m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumasungunula kirimu, kotero kuti wokongoletsa wanzeru amagwira ntchito usiku kapena m'bandakucha, ndipo keke amainyamula pamiyendo m'minibasi ngati khanda. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi adavuta kopitirira chaka chathunthu, ndipo amene adazolowera uvuni adabwerera ku mbaula: mchenga pansi pa poto, makala pa chivindikiro, monga amachitira agogo pophika chigumu. Tirigu wambiri ngwochokera kunja, motero Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo idakwera. Mayi amene wapirira zonsezi, nalipirira ana sukulu ndi ndalama za makeke, ngwoyenera ulemu.

Koma ulemu suletsa kufunsa funso. Luso lili m'manja mwa mayi wa ku Liwonde, shuga ngwa ku Nchalo kapena ku Dwangwa, mazira ngapakhomo. Nanga nkhope yaima pamwamba pa kekeyo ndi ya yani? Kawirikawiri ndi chidole choyera khungu, cha tsitsi lachikasu lofika m'chiuno ndi maso obiriwira. Mwana wa zaka zisanu amaimirira patsogolo pake, anzake atamzinga, akuluakulu akuombera m'manja. Pa tsiku lokhalo m'chaka limene iye ali mwini ulemu, chimene chikutamandidwa kuti nchokongola sichifanana naye, kapena mayi wake, kapena agogo ake. Mwana salankhula, koma amaona. Tsono anthu asadabwe akadzamuona atakula akufunafuna mafuta oyeretsa khungu.

Kuseri kwa chidolecho kulinso nthano. Nkhani ya Cinderella adailemba Charles Perrault wa ku France mu 1697, ndipo kampani ya Disney idaisandutsa kanema mu 1950. Ya Snow White adaisindikiza abale awiri a banja la Grimm ku Germany mu 1812, ndipo kanema wake adatuluka mu 1937. Nthano ziwirizi mathero ake ngamodzi: mtsikana wozunzika apulumuka chifukwa mwana wa mfumu wamuona kukongola, namkwatira, namtengera kunyumba yachifumu. Ukwati ndiwo mphotho yake, ndipo nkhani ithera pomwepo.

Chiphunzitso chimenechi nchachilendo m'dera lino. Pakati pa Ayao, Alomwe ndi Anyanja, mtundu umayenda motsata mayi. Mwamuna ndiye amasamuka kukakhala chikamwini kwawo kwa mkazi, ndipo ufumu sumapita kwa mwana wa mfumu koma kwa mphwake, mwana wa mlongo wake. Ulemu wa mkazi, tsono, suchokera kwa mwamuna amene wamkwatira. Iye ndiye tsinde la mbumba. Makolo sadadikire mwana wa mfumu wokwera pa kavalo kuti mwana wawo wamkazi akhale munthu.

Ndiponso chiphunzitsochi chafika pa malo amene pali kale bala. Machinga ndi limodzi mwa maboma amene atsikana ambiri amakwatiwa asadakhwime. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maukwati mu 2015, ndipo mu 2017 idasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asadakwanitse zaka 18. Aphunzitsi, mafumu ndi magulu a amayi akhala akuvutika kubweza atsikana ku sukulu. Sichanzeru kuti m'mawa mwana auzidwe kuti alimbikire maphunziro, madzulo napatsidwa keke yonena kuti mwayi wa mtsikana wagona pa kukwatiwa ndi munthu wachuma.

Ena adzati uku nkukulitsa nkhani, pakuti keke siikwatitsa mwana. Umphawi ndiwo umatero. Akunena zoona. Enanso adzati mwana ndiye amalirira keke yotere ataona makanema pa foni ya mayi wake, ndipo wophika sangakane zofuna za wogula. Izinso nzoona, ndipo makanema a masiku ano si onse amene ali ndi mathero akale aja. Tiana, wa mu kanema wa 2009, ndi mtsikana wakuda wogwira ntchito molimbika kuti atsegule malo ake odyera, ndipo Elsa, wa mu kanema wa 2013, salowa m'banja konse. Koma akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Maganizo a mwana amamangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono totere, ndipo mwana amasankha pa zokhazo zimene waonetsedwa.

Palibe chifukwa choletsera keke ya chidole. Chofunika nchakuti luso lomweli litumikire mwana mwini phwando. Manja amene angathe kufinya timaluwa mazanamazana angathenso kujambula maonekedwe a chitenje pa diresi ndi kumanga duku la shuga. Chidole chakuda chikasowa pamsika, wokongoletsa angathe kuchiumba ndi shuga woumbika wosakaniza ndi koko, tsitsi lake nkukhala loluka. Ogulitsa zidole nawonso amaitanitsa chimene anthu akufunsa. Makolo akafunsa kawiri katatu, zidole zakuda zidzapezeka pa mashelefu.

Ndipo chisoti chachifumu sichokhacho chimene mtsikana angavale. Mwana wa ku Nkaya kapena ku Nayuchi, amene amaona sitima ikudutsa, angakondwe ndi keke ya mtsikana woyendetsa sitima. Wina angafune namwino, wina mphunzitsi, wina wosewera mpira ngati Tabitha ndi Temwa Chawinga. Dziko limene lidaika nkhope ya Rose Chibambo pa ndalama ya K200, nililamulidwa ndi Mayi Joyce Banda kuyambira 2012 mpaka 2014, silisowa akazi oti mwana awayang'ane. Wokongoletsa amene adzayambe kujambula zithunzi za makeke otere ndi kuzionetsa kwa ogula sadzataya malonda. Adzakhala ndi chinthu chimene anzake alibe.

Kwa makolo, funso loyamba lisakhale lakuti keke ya mwana wa mnansi idali yotalika bwanji. Funso likhale lakuti mwanayu, akazimitsa makandulo nayang'ana pamwamba pa keke yake, adzaonapo yani. Akadziona yekha, ndalama ija yagwira ntchito.

Gawo lotsatira lidzakamba za ngongole za katapila zimene mabanja ena akulowamo pofuna kuchititsa phwando la tsiku limodzi.