Galimoto za apolisi zikufera pa njerwa, ife tikuombera m'manja

Tisanamizane amangwetu. Mukadutsa kuseri kwa mapolisi ambiri muno m'Malawi mupeza manda. Land Cruiser yakhalira njerwa, matayala adapita kale, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Pomwe akuba akuthyola chitseko usiku, yankho la pa lamya n'lomwe lija: "Galimoto yafa, bwerani mudzatitenge."

Yafa bwanji? Galimoto yapolisi si ya bwana yopita nayo kutchalitchi. Imagona panja, imadya fumbi la m'chilimwe ndi matope a dzinja, imanyamula anthu khumi pamalo a asanu. Ikaima pa rodibuloko injini imangolira osayenda. Kampani ya Ford imauza apolisi a ku America kuti ola limodzi lolira chiimire n'chimodzimodzi kuyenda makilomita oposa 50, koma mita ya mtunda siwerenga zimenezo. Ndiye oilo amapsa msanga, fyuluta imatsekeka ndi fumbi, mabuleki amatha. Makaniko aliyense wa ku Ndirande akuuzani kuti dizilo yovutika chonchi imafuna oilo watsopano pa makilomita 5,000 alionse.

Nanga akuluakulu athu? Pogula zatsopano amabwera ndi nduna, ndi ojambula, ndi amayi ovina. Pogula fyuluta palibe mwambo, ndiye palibenso ndalama. Kodi ng'ombe yokoka ngolo mungaimane msipu n'kumadabwa ikagwa panjira?

Aphungu inu, bajeti ikabwera funsani: pa galimoto iliyonse yogulidwa, sipeya ndi oilo wapatsidwa zingati? Misonkho ndi yathu, ndipo ofera kudikira ndife.